Mwana amene tinkamutcha nkhutukumve

Pali mawu amene mlongo wanga wamng'ono anayankhula m'kachipinda ka kuchipatala tsiku lina Lachitatu, ndipo mpaka lero sanandichoke m'makutu. Ndikamatsuka mbale amabwera. Ndikakwera minibasi n'kumva mayi wina akukalipira kamwana kake kuti "takhala pansi iwe, ukundichititsa manyazi," amabweranso. Papita zaka 9 tsopano. Kuiwala kwandikanika, ndiye ndati bola ndingolemba.

Mwini wake wavomera, kungoti wandipempha chinthu chimodzi: "Achemwali, dzina lokha ayi." Choncho dzina simulipeza muno.

Nkhutukumve

Iye akubadwa ine ndinali ndi zaka 9. Amayi ankalawirira kumsika, ndiye kumsana kumene anakulira ndi kwanga. Mwana ameneyu sankakhala pansi. Nsima ankadya ali chiimire, mbamu ziwiri basi wapita, mukamupeza ali pamwamba pa mtengo wa mango wa aneba. Ali ndi zaka 5 anathyoka mkono, koma pulasitala isanachotsedwe n'komwe anali atakweranso mtengo womwewo.

Mukamutuma mchere ankabwera dzuwa litapendeka, mchere palibe, ndalama palibe, m'manja muli galimoto ya mawaya imene wapanga panjira. Ukamufunsa ankakuyang'ana modabwa zenizeni, ngati nkhani ya mchereyo akuimva koyamba. Ife tinkati ndi mwano.

Ku Sitandade 2 m'kalasi mwawo munali ana opitirira 100, onse pansi, mphunzitsi mmodzi. Aphunzitsi aja sindiwaimba mlandu, inenso bwenzi nditatopa. Koma mwana woti sangakhale chete mphindi zisanu, m'kalasi yotere amasanduka mdani wa aliyense. Chibalo chinali chake tsiku ndi tsiku: kutchetcha, kukolopa, kukumba dzenje la zinyalala. Chimene sitinachione n'chakuti chibalocho ankachikonda kuposa kalasi. Dzenje ankalimaliza msanga kuposa anyamata akuluakulu a Sitandade 7. Makope ankataya atatu pa teremu. Sitandade 3 anabwereza kawiri.

Pakhomo dzina lake linali nkhutukumve. Amayi ankathyola kanthambi ka mgwafa. Ine ndinamumenyapo ndi mthiko, osati kamodzi, ndipo polemba mawu amenewa manja akundilemera. Azakhali anati alipo amene anamuchita chipongwe, tipite naye kwa asing'anga. Amayi a kumpingo anabwera kudzamupempherera. Amalume anangoti, "Musiyeni. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha."

Pofika zaka 10, kupulupudza kuja kunasintha mtundu. Anayamba mabodza, kumasula mfundo ya chitenje cha amayi akagona, kujomba kusukulu, ndewu sabata iliyonse. Chikwapu chinasiya kugwira. Ankangoima, osalira, maso ali gwa, mpaka womenyayo atatopa yekha.

Njira tinamuonetsa ndife

Bambo athu ankamwa kachasu. Sanali munthu waukali, akaledzera ankangoimba nyimbo za kwaya kenako n'kugona. Akafuna mowa ankatuma mwana ameneyu chifukwa ndiye anali waliwiro. "Thamanga kwa amayi aja, ukawauze kuti ndilipira Lachisanu."

Ndaganizira kwambiri za ulendo umenewu. Mchere ankaiwala, koma uku sankaiwala. Chifukwa chake ndinadzachimvetsa mochedwa. Kumene kuja kunali azibambo amene ankaseka nthabwala zake, kumuuza kuti avine, kumutcha bwana wamng'ono, ena n'kumulawitsa kadontho pa chivindikiro. M'dera lonse lathu, malo okhawo amene munthu wamkulu ankasangalala akamuona anali pa kachasu. Bambo anamwalira iye ali ndi zaka 11, koma njira anali ataidziwa kale.

Kenako kunabwera masacheti a mowa. Amene munalipo zaka za 2012 ndi 2013 mukukumbukira mmene timapepala tija tinkati mbwee m'ngalande ndi kuseri kwa mashopu. Ndalama ya mandasi inkakwana. Kasacheti kankalowa m'thumba la kabudula wa yunifolomu, mu sokosi, pakati pa makope. Lamulo limati mowa ndi wa munthu wa zaka 18 kupita m'mwamba, koma palibe wa pa okala amene anamufunsapo zaka. Anadzandiuza yekha kuti sacheti yoyamba yathunthu anamwa ali ndi zaka 12, kuseri kwa nyumba ya vidiyo. Anzathu a ku Zambia analetsa tujilijili tawo mu 2012. Kuno chiletso chinabwera mu 2015, ndipo kwa iye chinapeza madzi atafika kale m'khosi. Anangosamukira ku timabotolo ndi ku kachasu, n'kuwonjezerapo fodya ndi chamba. Fomu 1 anachotsedwa sukulu ziwiri.

Lachitatu lija

Mu 2016 amayi anatopa. Anamutsekera m'chipinda, loko kunja, n'kunena kuti sadzatuluka mpaka mowa utamuthera m'thupi. Usiku wachiwiri ndinamva akubuula. Nditatsegula ndinamupeza thukuta lili kamukamu, wasanza pamphasa, manja akunjenjemera moti kapu ya madzi inkagunda mano. Tinati ndi malungo.

Kuchipatala malungo sanapezeke. Namwino anangofunsa kuti, "Wamwa liti komaliza?" Atamva za loko uja anatiyang'ana nthawi yaitali. Anatiuza kuti munthu amene thupi lake lazolowera mowa akausiya mwadzidzidzi atha kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene, ndipo kusiya kotere kumafuna mankhwala ndi diso la achipatala. Ndikulemba izi mwadala, chifukwa ndikudziwa kuti pali makolo ena amene loko ali naye kale m'manja. Anamupatsa mankhwala, n'kutilembera kuti Lachitatu tikaonane ndi a za matenda a maganizo. Amayi anakana poyamba. "Mwana wanga si wamisala." Ndinachita kuwanyengerera usiku wonse.

Kachipindako kanali kakang'ono: tebulo, mipando itatu, kalendala ya chaka chatha pakhoma. Ine ndinaima chotsamira chitseko. Adokotalawo anali bambo wofatsa, woyankhula pang'onopang'ono. Anayamba ndi mafunso amene tinkawayembekezera, amamwa chiyani, kangati, m'mawa amamwa kapena ayi. Mlongo wanga ankayankha chapansipansi, maso ali pa masilipasi ake.

Kenako anaika cholembera pansi n'kutembenukira kwa amayi.

"Mayi, za mowa tazisiya kaye. Ali ndi zaka 6, anali mwana wotani?"

Amayi anadabwa. Anabwera ndi mlandu wa chaka chino, akufunsidwa za kalekale. Koma atayamba sanaimenso. Ananena za mchere, za mango, za makope, za dzenje la zinyalala. Adokotala ankangofunsa mwachidule. Zinayamba asanalowe sukulu? Zinali za kunyumba kokha, kapena ndi kusukulu komwe, ndi kutchalitchi komwe? Bambo ake anali otani ali mwana, munamvapo? Pamenepa amayi anakhala kaye chete, kenako anati apongozi awo ankakonda kunena kuti mwanayu watengera bambo ake ndendende.

Ndiye anatembenukira kwa mnyamata uja.

"Achimwene, mukamwa mumamva bwanji? Sindikufunsa za matsire. Ndikufunsa poyambirira penipeni, mowa ukangolowa."

Palibe anali atamufunsapo funso limeneli. Ife tinkafunsa kuti umamweranji, ndipo limenelo silinali funso, kunali kukalipa. Anakhala chete mpaka ndinamva mawilo a machira akudutsa pakhonde. Kenako anati:

"M'mutu mumakhala chete."

"Chete bwanji?"

"Nthawi zonse m'mutu mwanga mumakhala ngati pa depoti. Aliyense akuitanira yake. Ndikamwa, maminibasi onse amanyamuka. Ndimatha kukhala pansi." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndimakhala ngati anthu enawa."

Amayi anakoka nsonga ya chitenje n'kuphimba kumaso. Ine chimene chinandibwerera ndi mthiko uja. Zaka zonsezo ndinkamenya mwana woti akhale pansi, osadziwa kuti nayenso ankafunitsitsa kukhala pansi kuposa mmene ine ndinkafunira, mpaka anakapeza yekha mankhwala ake pa okala.

Adokotala sanathamangire kutchula matenda. Anati ayambe wakhala milungu ingapo osamwa, chifukwa mowa pawokha umasokoneza munthu. Koma anati mbiri imene amayi afotokoza ikufanana kwambiri ndi vuto lotchedwa ADHD, loti mwana amalephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, sakhazikika, ndipo amachita chinthu asanaganize. Anatinso mabodza, kuba ndi ndewu zimene zinabwera pambuyo zili ndi dzina lakelake, conduct disorder, ndipo kawirikawiri zimamera pamwamba pa vuto loyambalo. Mawu awo omaliza kwa amayi anali akuti, "Mwana uyu sanayambe kuvutika chaka chino."

Ife tinkaona ana awiri: nkhutukumve wa zaka 7 ndi chidakwa cha zaka 16. Tsiku limenelo ndinaona kuti ndi mwana mmodzi.

Zimene ndinapeza usiku pa foni

Miyezi yotsatira bando yanga inkathera pa kuwerenga. Ndinkafuna kudziwa ngati adokotala aja ankangotitonthoza.

ADHD si matenda a ana a azungu, ngakhale ambiri kuno amatero. Padziko lonse, pafupifupi ana 5 pa 100 aliwonse ali nalo. M'kalasi ija ya ana 100, ndiye kuti analipo ena anayi kapena asanu onga iye. Ndimadzifunsa kuti ali kuti lero. Vutoli limayenda kwambiri m'magazi, ndipo uchidakwa nawonso, pafupifupi theka la chiopsezo chake ndi chotengera kumtundu. Nditawerenga zimenezi ndinawaganizira bambo athu mwa njira ina. Mwina nawonso anali ndi depoti yawo.

Kafukufuku amene anandigwira mtima kwambiri ndi wa mumzinda wa Dunedin ku New Zealand. Kumeneko akatswiri anatenga ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973, n'kumawatsatira moyo wawo wonse. Kuyambira ali ndi zaka 3 mpaka 11 ankaona mmene mwana aliyense amadzigwirira: kudikira, kupirira chinthu chikavuta, kuganiza asanachite. Mu 2011 Terrie Moffitt ndi anzake anatulutsa zimene anapeza anawo atafika zaka 32. Amene ankalephera kudzigwira ali aang'ono ndi amene anakodwa kwambiri mu mowa, fodya ndi mankhwala ozunguza bongo kuposa anzawo, ngakhale mutachotsapo nkhani ya nzeru za m'kalasi kapena umphawi wa pakhomo. Anaonanso kuti pakati pa ubwana ndi ukulu pali misampha imene ana oterewa amagweramo ali achinyamata: kuyamba fodya msanga, kusiya sukulu, kubereka ali ana. Mlongo wanga anagwera iwiri mwa itatuyo.

Chaka chomwecho cha 2011, akatswiri ena anaphatikiza kafukufuku 27 wotsatira ana a ADHD mpaka atakula. Anapeza kuti mwayi woti akodwe mu fodya ndi wochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi anzawo, ndipo wa vuto la mowa ndi wochuluka pafupifupi kawiri. Pakakhalanso khalidwe la ndewu, kuba ndi kuphwanya malamulo, chiopsezo chimakwera kuposa pamenepo. Ambiri amene afufuza nkhaniyi amati khalidwe limeneli ndi limene limalosera kwambiri za mowa kuposa kusakhazikika pakokha.

Ndipo pali nkhani ya msinkhu. Kafukufuku wa ku America wa mu 1997 anapeza kuti mwa anthu amene anayamba kumwa asanakwane zaka 15, opitirira 40 pa 100 anadzakhala akapolo a mowa nthawi ina m'moyo wawo. Mwa amene anayamba ali ndi zaka 20 kapena kuposa, anali pafupifupi 10 pa 100. Mbali ya ubongo ya kutsogolo, imene imagwira ntchito ya mabuleki, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Tsono taganizirani mwana woti mabuleki ake ndi ofooka kale chibadwire, n'kumuthiramo kachasu ali ndi zaka 12.

Pa mphambano iliyonse panali munthu

Apa ndikufuna ndisamale, chifukwa pali mayi wina akuwerenga izi ali ndi kamnyamata kosakhazikika, ndipo mtima wayamba kale kugunda. Ana ambiri a ADHD sakhala zidakwa. Mwana wopulupudza aliyense si wodwala. Ndiponso achinyamata ambiri amene amalawa mowa ku sekondale analibe vuto lililonse ali ana, amangotengeka ndi anzawo ndipo ambiri amadzasiya okha. Moffitt yemweyo analemba kale mu 1993 za kusiyana kumeneku: pali gulu lalikulu limene limapulupudza pa unyamata pokha, ndi kagulu kochepa kamene mavuto ake amayamba ali aang'ono kwambiri n'kupitirira. Kagulu kachiwirika ndi kamene kamafuna kuti tikaone msanga.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti kuchoka pa mtengo wa mango kufika pa sacheti si kudumpha kamodzi. Mwana amalephera m'kalasi. Amamenyedwa kusukulu, akafika kunyumba amamenyedwanso chifukwa chomenyedwa kusukulu. Amazolowera kuti iye ndi woipa, ndiye amayamba kuchitadi zoipa. Ana ofatsa amauzidwa ndi makolo awo kuti asamasewere naye. Otsala omulandira ndi anyamata akuluakulu a pa vidiyo ndi pa depoti, ndipo amenewo m'thumba muli kanthu. Pa mphambano iliyonse ya msewu umenewu panali munthu wamkulu ataima. Pa ina panali ine.

Chikwapu ndiye ndimakana nacho poyera tsopano, makamaka kwa mwana wotere. Ndikudziwa mawu amene mukufuna kunena, akuti ifenso tinakwapulidwa koma tinakula bwino. Inenso ndinakwapulidwa. Koma ine chikwapu chimodzi chinkandikwanira chifukwa mutu wanga unkatha kusunga phunzirolo mpaka mawa. Iye ankachita chinthu phunzirolo lisanafike n'komwe. Tinkawonjezera mphamvu, iye n'kumawonjezera kuuma, mpaka pakhomo panatsala nkhondo yokhayokha. Njira zimene zaonetsa kuti zimathandiza ana oterewa zimayambira kwa makolo: lamulo limodzi lalifupi nthawi imodzi, kumuyang'ana m'maso pomuuza, kumuyamikira pompopompo akachita bwino, chilango chaching'ono chodziwika kale chimene sichisintha ndi mkwiyo wa tsikulo. Zimaoneka zofewa. Kuzichita tsiku ndi tsiku n'kovuta kuposa kuthyola mgwafa.

Mankhwala a ADHD aliponso, ngakhale ife sitinawapeze. Anthu ena amaopa kuti mwana akazolowera mapiritsi ndiye adzalowa mankhwala ozunguza bongo. Kafukufuku wamkulu wa ku Sweden wa mu 2014 sanapeze zimenezo. Amene ankamwa mankhwalawo ndi amene mavuto a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo anali ochepa pakati pawo.

Thandizo kuno ndi lochepa, koma lilipo. Kupatula chipatala cha Zomba Mental, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala, ndipo zipatala za m'maboma zimakhala ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo. Pa nkhani za ana pali nambala yaulere ya 116. Chimene chimatitsekereza ambiri si mtunda, ndi mawu aja a amayi akuti mwana wanga si wamisala.

Mmene zilili lero

Sindikunamizani kuti kuchokera Lachitatu lija zonse zinayera. Anasiya miyezi inayi, n'kuyambiranso pa maliro a mnzake. Anasiyanso, n'kugwanso pa Khirisimasi. Kachitatu anasowa masiku asanu, tinakamupeza ku Limbe opanda nsapato. Chibaba sichimva kuti munthu walumbira.

Chimene chinasintha ndi ife. Amayi anasiya kumutcha nkhutukumve, ndipo amalume atalitchula dzinalo pa chinkhoswe china, amayi anawadzudzula pagulu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Sukulu tinaileka kuikakamiza. Bambo wina wowotcherera zitsulo anavomera kumutenga, titamufotokozera zonse osabisa. Anangoti, "Bola manja akhale ndi chochita." Mwana amene ankalephera kukhala mphindi zisanu pa kope amatha maola atatu ali chiweramire pa geti imodzi, osadzutsa mutu. Ndikamuona ndimakumbukira galimoto za mawaya zija, zimene tinkamumenyera.

Tsopano watha zaka zitatu ndi miyezi ingapo osamwa. Fodya akusutabe. Ndalama zake amasungitsa kwa amayi, mwa kufuna kwake, chifukwa amati zikagona m'thumba zimamuyankhula. Depoti ija akuti ilipobe, kungoti masiku ena maminibasi amachepa.

Mwezi watha mwana wanga wamwamuna, wa zaka 7, anabwera ndi kakalata kochokera kwa aphunzitsi. Sakhala pansi, amayankha asanalozedwe, wataya makope awiri teremu ino. Ndinawerenga nditaima kukhitchini, mthiko uli m'manja chifukwa ndinali pakati pophika. Ndinauyang'ana, n'kuubwezera mumphika.

Madzulo ake amalume ake, mlongo wanga uja, anabwera, zovala zikununkha utsi wa zitsulo. Ndinawapatsa kakalatako. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, kenako anatuluka panja pamene mwanayo ankadumpha kuchoka pa khonde kupita pa thumba la makala. Anakhala pansi pa sitepe n'kumuitana.

"Tabwera kuno, mphwanga. M'kalasi muja, aphunzitsi akamayankhula, m'mutu mwako mumamveka chiyani?"

Sindinamve yankho lake, ndiwo zinkapserera. Ndinangoona kuti anakhala pamenepo awiriwo mpaka kunja kunada. Kuchipatala atipatsa tsiku la sabata ya mawa, ndipo amalume ake apempha kale tchuthi kuntchito kuti adzatiperekeze.